Makalata a Jenerale van Deventer: Kuchokera ku Nkhondo ya Chiwaya Kukafika ku Benoni

Anthu ambiri ochokera ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete amene akukhala ku Germiston, Boksburg, Benoni ndi Brakpan amalidziwa dera la Ekurhuleni ngati malo a ntchito, a lendi ndi a matekisi. Dzina la Ekurhuleni, lomwe m'Chitsonga limatanthauza malo a mtendere, linayamba m'chaka cha 2000. Kale derali linkatchedwa East Rand, ndipo mu Malichi 1922 m'misewu yake munali nkhondo yeniyeni, ya mfuti, mizinga ndi ndege zoponya mabomba. Amene anatsogolera asilikali a boma m'chigawo chimenechi anali Jenerale Jacob Louis van Deventer.

Dzina limeneli silimveka kawirikawiri ku Malawi. Komatu munthu yemweyu ndi amene, kuyambira mu Meyi 1917 mpaka mu Novembala 1918, anali mkulu wa asilikali onse a Britain kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo asilikali a Keyala ndi amtengatenga ochokera ku Nyasaland. Makalata amene anatuluka mu ofesi yake m'zaka zimenezo alipobe. Ndi umboni wofunika, koma wofuna kuuwerenga mochenjera, chifukwa kalata ya mkulu wa nkhondo imaonetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: zimene zinachitika, ndiponso anthu amene wolembayo ankawayesa oyenera kutchulidwa maina.

Msilikali wa mawu osasa

Van Deventer anabadwira ku Ficksburg, m'dziko la Mabunu la Orange Free State, mu 1874. Mu 1896 analowa gulu la asilikali a mizinga la dziko la Transvaal, ndipo nkhondo ya pakati pa Mabunu ndi Angerezi itabuka mu 1899, iye anamenya nkhondo kumbali ya Mabunu. Anali mmodzi wa atsogoleri amene analowa m'dera la Cape pamodzi ndi Jan Smuts, ndipo kumayambiriro kwa 1902 chipolopolo chinamulasa pakhosi. Anapulumuka, koma kuyambira pamenepo mawu ake anali osasa, ngati a munthu wonong'ona. Chingerezi sankachilankhula bwino, moti nthawi zambiri ankadalira womasulira.

Patangopita zaka 12 chithere nkhondo imeneyo, iye anali atavala yunifomu ya ufumu womwe uja anaumenya. Mu 1915 anathandiza kulanda dziko la South West Africa, lomwe lero ndi Namibia, m'manja mwa Ajeremani. Mu Febuluwale 1916 Smuts anapatsidwa udindo wotsogolera nkhondo yolimbana ndi Ajeremani kum'mawa kwa Africa, m'dziko lomwe mbali yake yaikulu lero ndi Tanzania, ndipo anatenga mnzake wakaleyu kuti atsogolere asilikali oyenda pa akavalo.

Ulendo umene unamutchukitsa unali wa mu Epulo 1916, kuchokera kufupi ndi Arusha kupita ku Kondoa Irangi. Anayenda m'nyengo ya mvula yamphamvu. Misewu inasanduka matope, chakudya chinatsalira m'mbuyo, akavalo anafa ambirimbiri ndi matenda a kashembe, ndipo asilikali anagwidwa ndi malungo ndi kamwazi. Anafikadi ku Kondoa, ndipo pa 9 Meyi anabweza Ajeremani amene anabwera kudzawathira nkhondo. Chakumapeto kwa Julayi anafika pa njanji ya pakati pa dzikolo, ku Dodoma. Koma phunziro la ulendowu linali loonekeratu: m'dziko limeneli kavalo sakhalitsa, galimoto simayenda kutali, ndipo msilikali wachizungu sachedwa kudwala. Pofika kumayambiriro kwa 1917, azungu zikwizikwi a ku South Africa anali atabwezedwa kwawo ali odwala. Nkhondo inatsala m'manja mwa anthu akuda, ndipo katundu wake anatsala pamitu pawo.

Nkhondo yoyenda pamutu

Smuts anachoka mu Januwale 1917 kupita ku London, akunena kuti nkhondoyo inali itatsala pang'ono kutha. Jenerale Reginald Hoskins analowa m'malo mwake kwa miyezi yochepa, kenaka chakumapeto kwa Meyi udindo unaperekedwa kwa van Deventer. Gulu limene analandira linali la asilikali a ku Nigeria, a ku Gold Coast, a ku India, makamakanso a King's African Rifles, omwe anthu a ku Nyasaland ankawatcha a Keyala. Pofika mu 1918 a Keyala anali ndi mabataliyoni 22. Kummwera kunali gulu la Jenerale Edward Northey, lomwe linkadalira kwambiri anthu a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia.

Ku Nyasaland nkhondoyi inali itafika kale. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen inawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la kutsidya kwa nyanja, ndipo pa 9 Sepitembala chaka chomwecho kunachitika nkhondo ku Karonga. Anthu anaitcha Nkhondo ya Chiwaya, chifukwa mfuti yolavula zipolopolo motsatizana inkalira ngati chimanga chothetheka m'chiwaya. Olemba mbiri amayerekeza kuti dziko laling'onoli, lomwe linali ndi anthu pafupifupi 1.2 miliyoni, linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga okwana ngati 200,000.

Chiwerengero chimenechi chimamveka bwino munthu akaganizira mmene katundu ankayendera. Katundu ankalowa pa Chinde, n'kukwera ndi mtsinje wa Zambezi, n'kudza pa njanji mpaka ku Blantyre, n'kupitirira ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi. Apo sitima zapamadzi zinkamuwolotsa nyanja, ndipo kuyambira kugombe mpaka kumene kunali asilikali, ankayenda pamutu. Mtengatenga mmodzi ankasenza katundu wolemera makilogalamu pafupifupi 25, ndipo iye mwini ankafunika chakudya chokwana ngati kilogalamu imodzi patsiku. Pa ulendo wa masiku khumi kupita ndi khumi kubwerera, munthu wosenza ufa akanadya pafupifupi mtolo wake wonse. Choncho asilikali akamapita kutali, pankafunika amtengatenga osenzera chakudya amtengatenga anzawo, ndipo chiwerengero chinkangokulirakulira. Mafumu ankalamulidwa kupereka amuna, ndipo apolisi ankasaka m'midzi amene athawa. Minda inatsala ndi amayi ndi nkhalamba. Kutsidya kwa malire, m'chigwa cha Zambezi, kugwira anthu mokakamiza kotereku kunali chimodzi mwa zifukwa zimene anthu a ku Barue anaukira Apwitikizi mu 1917.

Makalata opita ku London

Mtundu woyamba wa makalata a van Deventer ndi malipoti amene ankapita kwa nduna yoona za nkhondo ku London, ndipo pambuyo pake ankasindikizidwa mu London Gazette. Ali m'Chingerezi chosalala cha mu ofesi, ndipo wowerenga ayenera kukumbukira kuti malipoti otere amakonzedwa ndi gulu la maofesala, mkulu wawo n'kusaina. Amafotokoza mwadongosolo kuti gulu lakuti linachoka pakuti tsiku lakuti, linawoloka mtsinje wakuti, linakumana ndi adani pakuti. Kwa wofuna kudziwa njira imene nkhondo inadzera, malipoti amenewa ndi chuma.

Nkhani imene akufotokoza ndi yowawa. Kuyambira pa 15 mpaka pa 18 Okutobala 1917, ku Mahiwa, kummwera kwa dziko la Ajeremani lija, kunachitika nkhondo yoopsa kuposa zonse za m'chigawochi. Gulu lotsogozedwa ndi Jenerale Percival Beves linataya anthu oposa 2,000, ophedwa ndi ovulala. Mkulu wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anataya ochepa, koma analibe kopeza ena olowa m'malo. Pa 25 Novembala anawoloka mtsinje wa Rovuma kulowa ku Mozambique, nagonjetsa Apwitikizi pa Negomano, natenga mfuti ndi zipolopolo zawo. Kwa miyezi khumi yotsatira, asilikali a van Deventer, ena ochokera kugombe la nyanja yamchere, ena ochokera ku Fort Johnston, anamulondola m'nkhalango za Niassa ndi Zambezia. Kumayambiriro kwa Julayi 1918 Ajeremani anapambana pa Namacurra, kufupi ndi Quelimane. Pa 30 ndi 31 Ogasiti, ku Lioma m'dziko la Alomwe, asilikali a Keyala a ku Nyasaland anaima nji, ndipo Ajeremani anachoka atapwetekedwa kwambiri.

Malipotiwa amatchula maina a maofesala, a mitsinje ndi a midzi. Amtengatenga amaonekamo ngati gulu: chiwerengero chofunika, chosowa, kapena choyamikiridwa m'chiganizo chimodzi. Palibe chifukwa choganizira kuti van Deventer ananama. Iye analemba monga mmene akuluakulu a nkhondo a nthawi imeneyo ankalembera, ndipo kalembedwe kameneko kanalibe malo a dzina la munthu wosenza mtolo. Koma ofufuza a m'zaka zapambuyo apeza kuti amtengatenga pafupifupi 95,000 a kumbali ya Britain anafa kum'mawa kwa Africa, ambiri ndi njala, chibayo, kamwazi ndi kutopa. Iwowa anaposa kutalitali asilikali ophedwa ndi chipolopolo.

Makalata opita kwa mdani

Mtundu wachiwiri ndi makalata opita kwa mdani. Pakati pa akuluakulu a mbali ziwirizi panali ulemu wodabwitsa. Mu 1916 Smuts analembera Lettow-Vorbeck kumupempha kuti agonje, ndipo pambuyo pake anamulemberanso kumudziwitsa kuti mfumu ya Germany yamupatsa mendulo yapamwamba ya Pour le Mérite. Ajeremani atawoloka Rovuma, van Deventer nayenso anatumiza pempho loti agonje. Lettow-Vorbeck analemba m'buku la zokumbukira zake kuti mapempho otere ankamulimbitsa mtima, chifukwa ankaona kuti wotumizayo wasowa pogwira. Kalata yofuna kuonetsa mphamvu inkaulula kufooka.

Uthenga wotchuka koposa ndi wa mu Novembala 1918. Pa 28 Sepitembala Ajeremani anawolokanso Rovuma kubwerera kumpoto, nazungulira nsonga ya nyanja ya Malawi, nalowa ku Northern Rhodesia n'kulanda Kasama. Ku Ulaya nkhondo inatha pa 11 Novembala, koma kuno nkhaniyo inachedwa. Pa 13 Novembala Ajeremani anagwira mthenga wa Angerezi woyenda pa njinga yamoto, ndipo m'chikwama chake munali uthenga wa van Deventer wonena kuti nkhondo yaima. Tsiku lotsatira, m'mbali mwa mtsinje wa Chambeshi, Lettow-Vorbeck anakumana ndi bwanamkubwa wa derali, Hector Croad, ndipo nkhani inatsimikizika.

Uthenga wa van Deventer unanena kuti ndime ya 17 ya pangano loimitsa nkhondo ikulamula Ajeremani a kum'mawa kwa Africa kuti agonje kotheratu pasanathe mwezi umodzi. Unawonjezera kuti, polemekeza kulimba mtima kwawo, azungu a m'gululo aloledwa kusunga zida zawo zapathupi. Mawu oti kugonja kotheratu analidi m'pangano monga linakonzedwera poyamba, koma pangano limene linasainidwa linkangonena zoti Ajeremani atuluke m'chigawocho. Kusiyana kwa mawu awiriwa kunamuwawa Lettow-Vorbeck, yemwe ankadziyesa wosagonjetsedwa, ndipo anadandaula. Komabe pa 25 Novembala 1918, ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, anapereka gulu lake kwa Jenerale W. F. S. Edwards: azungu 155, asilikali akuda 1,168, ndi amtengatenga, amayi ndi ana ambirimbiri.

Mkangano wa liwu limodzi wa akuluakulu awiriwa unalembedwa, unasungidwa, ndipo mpaka lero umakambidwa. Asilikali akuda a Ajeremani aja analandidwa mfuti zawo n'kutsekeredwa m'misasa. Amtengatenga a mbali zonse anayamba ulendo wobwerera kwawo m'nyengo imene mliri wa fuluwenza unali kusesa dziko, ndipo ambiri anafika nawo m'midzi mwawo.

Kalata imene boma silinafune

Pali kalata ina ya nkhondo yomweyi yoyenera kuikidwa pambali pa makalata a Jenerale. Mu Novembala 1914 M'busa John Chilembwe wa ku Providence Industrial Mission, ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times. Anafunsa ngati anthu akuda adzapindula kanthu nkhondoyo ikadzatha. Ananena kuti nkhondo ya olemera ayenera kukamenya ndi olemerawo, m'malo motenga amphawi amene akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana amasiye osowa wowathandiza. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalikire. Pa 23 Januwale 1915 Chilembwe anaukira boma, ndipo pa 3 Febuluwale anaphedwa.

Chilembwe analemba zaka ziwiri ndi theka van Deventer asanalandire udindo wake, ndipo zimene zinachitika pambuyo pake zinatsimikizira mantha ake. Malipoti a mu London Gazette amayankha funso loti nkhondo inayenda bwanji. Kalata ya ku Mbombwe inafunsa kuti adzalipira ndani. Wowerenga mtundu umodzi wokha wa makalatawa amamva theka la mlandu.

Nkhondo yomaliza: East Rand, 1922

Nkhondo itatha, van Deventer, yemwe tsopano ankatchedwa Sir Jacob, anabwerera ku South Africa. Kumeneko migodi ya golide inali pamavuto. Mtengo wa golide unatsika kwambiri pakati pa 1920 ndi 1921, ndipo bungwe la eni migodi la Chamber of Mines linaganiza zochepetsa ndalama zolipira antchito mwa kupereka ntchito zina za azungu, pafupifupi 2,000, kwa anthu akuda olandira malipiro ochepa. Anthu akudawo anali atanyanyala kale ntchito mu Febuluwale 1920, kuyambira ku mgodi wa ERPM ku Boksburg. Ananyanyala pafupifupi 70,000, ndipo anabwezedwa kuntchito ndi mfuti. Pa nthawiyo Wenela inali yoletsedwa, kuyambira mu 1913, kulemba anthu ochokera kumaiko otentha monga Nyasaland chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, koma amuna ena ankapitabe ku Joni paokha, ulendo wa selufu.

Pa 10 Januwale 1922 azungu a m'migodi ya golide ananyanyala ntchito. Ambiri anali Mabunu osauka ochokera kumafamu, ndipo ena anali asilikali akale a nkhondo yomwe inali itangotha. Anadzigawa m'magulu onga a nkhondo, ndipo mbendera yawo yotchuka inkaitana antchito kuti agwirizane pomenyera South Africa wa azungu. Pa 28 Febuluwale apolisi anapha atatu mwa iwo pafupi ndi ndende ya ku Boksburg. Pa 7 ndi 8 Malichi magulu a onyanyala anaukira anthu akuda m'malo angapo, kuphatikizapo ku mgodi wa New Primrose ku Germiston, ndipo anthu makumi angapo anaphedwa, ngakhale kuti iwo sanali mbali ya mkanganowo. Bungwe la antchito akuda la ICU, lomwe Clements Kadalie wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay analiyambitsa ku Cape Town mu 1919, linadzudzula kuphana kumeneku.

Pa 10 Malichi zinthu zinafika posauzana. Onyanyala anaukira mgodi wa ku Brakpan n'kupha anthu 8 amene ankaulondera. Ku Dunswart, pakati pa Boksburg ndi Benoni, anabisalira sitima yonyamula asilikali a Transvaal Scottish n'kupha oposa khumi. Benoni ndi Brakpan zinagwa m'manja mwawo. Tsiku lomwelo Smuts, yemwe tsopano anali nduna yaikulu, analengeza ulamuliro wa asilikali, ndipo ndege zinayamba kuponya mabomba ku Benoni. Kunali kukumananso kwa anthu akale a nkhondo ya kum'mawa kwa Africa: Smuts pamwamba, Beves wa ku Mahiwa uja ku Johannesburg, van Deventer ku East Rand. Pa 13 Malichi asilikali a van Deventer, ambiri mwa iwo Mabunu a kumafamu, analowa mu Benoni, ndipo Brakpan inatsatira. Pa 14 Malichi mizinga inagumula malinga omaliza a onyanyala ku Fordsburg. Anthu oposa 150 anafa, ndipo pambuyo pa milandu amuna anayi ananyongedwa.

Van Deventer anamwalira mu Ogasiti 1922, patangopita miyezi isanu. Sanaone zotsatira za chipambano chake. Pa chisankho cha mu 1924 azungu ovota anachotsa Smuts n'kuika boma la mgwirizano wa J. B. M. Hertzog ndi chipani cha Labour, ndipo mu 1926 boma limeneli linakhazikitsa lamulo losungira azungu ntchito zaluso za m'migodi. Ogonja pa mfuti anapambana pa voti. Munthu wakuda, amene anasenza nkhondo ya 1917 ndi kuphedwa pa mkangano wa 1922, analibe voti ku Transvaal ngakhale ku Nyasaland.

Zimene zatsala

Van Deventer anali msilikali wolimba mtima ndi wopirira, ndipo anamaliza ntchito imene Smuts anaisiya pakati. Zimenezi makalata ake amazionetsa bwino. Zimene sakuonetsa ziyenera kufunidwa kwina. M'zaka za m'ma 1970 Melvin Page ndi ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'midzi ya ku Malawi kufunsa nkhalamba zimene zinamenya kapena kusenza katundu pa nkhondoyo, ndipo mawu awo ndiwo maziko a buku lotchedwa The Chiwaya War. Magule a malipenga, mganda ndi beni, ndi mayunifomu awo, maudindo awo ndi kuguba kwawo, amasunga chikumbukiro cha perete wa asilikali wa m'zaka zimenezo. Ku Zomba kuli chipilala cha a Keyala, koma amtengatenga ambiri alibe manda odziwika.

Akuluakulu anati mlandu suwola. Mu Epulo 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, lomwe limasamalira manda a ofa pa nkhondo, linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina awo monga anachitira ndi azungu, ndipo boma la Britain linapepesa. Ntchito yofufuza mainawo ikupitirira, koma mabuku a boma sangawapeze onse. Ambiri atsala m'mabanja mokha, pakamwa pa agogo amene anamva kwa agogo awo kuti wakutiwakuti anatengedwa pa mtengatenga ndipo sanabwerere. Banja lililonse limene likudziwa dzina lotere, kaya lili ku Mangochi, ku Chipata, ku Angonia kapena ku Tembisa, lili ndi mbali ya mbiriyi imene sinalowe mu London Gazette, ndipo n'koyenera kuti dzinalo lilembedwe, pamodzi ndi mudzi ndi mfumu yake, nkhalamba zodziwazo zisanathe.